Ulendo wa ku Rosslyn Chapel: kafikidwe kake ndi poyang'ana mukalowa

Mlendo wochokera kumudzi akabwera kudzationa kuno ku Edinburgh, tsiku loyamba ndimapita naye ku Edinburgh Castle ngati mmene amachitira aliyense. Tsiku lachiwiri ndimamukweza basi, ulendo wa ku Roslin, kamudzi ka m'dera la Midlothian kamene kali makilomita pafupifupi 11 kummwera kwa mzinda. Kumeneko kuli Rosslyn Chapel, tchalitchi chaching'ono ndithu, chotalika mamita pafupifupi 21 basi. Matchalitchi ambiri a m'maboma a kwathu amachiposa kukula. Koma m'kati mwake simupeza mwala umene anausiya wopanda chosema, ndipo ambiri amene ndapita nawo amatulukamo khosi likuwawa chifukwa choyang'ana kumwamba.

Ndapitako kangapo, ndipo ndaona kuti anthu amawononga ulendowu m'njira imodzi: amafika mitu itadzaza kale ndi nthano za chuma chobisika pansi, n'kumafunafuna zimenezo, miyala yeniyeniyo osaiyang'ana. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukaona miyalayo.

Musananyamuke, sungitsani malo

Alendo amalowa m'magulu, ndipo gulu lililonse limapatsidwa mphindi 90. Gulani tikiti pa webusaiti ya tchalitchichi kudakali masiku, makamaka ngati mukupita pakati pa June ndi August pamene alendo amachuluka. Mtengo ndi nthawi yotsegulira muzione pomwepo, poti zimasinthasintha. Ana obwera ndi makolo awo salipira.

Kumbukirani kuti anthu amapempheramo mpaka lero. Ndi tchalitchi cha Scottish Episcopal Church, abale ake a Anglican, ndipo Lamlungu m'mawa mumakhala mapemphero, odzaona malo amayamba kulowa masana. Ngati ndinu wopemphera, kukakhala nawo pa mapempherowo ndi njira yabwino yomvera mmene nyimbo imamvekera m'miyala imeneyi, koma simungamayendeyende n'kumaloza zosema anthu akupemphera.

Ine ndimakonda gulu loyamba la m'mawa, pakati pa sabata. M'nyengo yozizira musachedwe: mu December dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo zosema zambiri zili m'mwamba momwe kuwala kukachepa simuona kanthu.

Zovala ndi zonyamula

Valani juzi ngakhale kunja kukuoneka kuti kwacha bwino. Nyumba ya miyala imasunga chisanu, ndipo mukakhala pa benchi mphindi khumi mumayamba kuchimva m'mafupa. Jekete yamvula ikhale m'chikwama, poti nyengo ya kuno ili ngati chiperoni cha ku Thyolo chimene chaiwala kusiya. Nsapato zikhale zoti zitha kuponda matope, chifukwa mukatuluka m'tchalitchi pali njira yotsikira kumtsinje. Ngati muli ndi magalasi oonera patali, atengeni. Palibe amene adzakusekeni. Enanso adzakubwerekani.

Kujambula zithunzi m'kati n'koletsedwa. Kunja jambulani mmene mungafunire. Poyamba lamuloli linandinyansa, koma tsopano ndimaliyamikira, chifukwa foni ikakhala m'thumba maso amagwira ntchito.

Basi yake

Kwerani basi ya Lothian nambala 37 pakati pa mzinda, pa Princes Street kapena pa North Bridge. Chenjezo lili apa: si basi ya 37 iliyonse imene imalowa m'mudzi wa Roslin. Yang'anani yolembedwa Penicuik Deanburn kutsogolo, ndipo ngakhale mwawerenga, mufunseni dalaiva. Safunsa anadya phula. Polipira gunditsani khadi la kubanki kapena foni pa kamakina ka pakhomo. Mukalipira ndi ndalama zachitsulo, dalaiva sabweza chenji.

Ulendowu umatenga mphindi 45 mpaka ola, malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Khalani m'chipinda cham'mwamba cha basi, kutsogolo, muziona mapiri a Pentland kudzanja lamanja. Mutsike pakati pa mudzi, pafupi ndi hotela ya Original Rosslyn, n'kutsata kamsewu kotchedwa Chapel Loan. Ndi mphindi zochepa chabe wapansi. Dzina la mudzi amalemba Roslin, la tchalitchi Rosslyn, koma katchulidwe n'kamodzi.

Ngati mwafika msanga pa Princes Street, chiboliboli cha David Livingstone chili m'munda wa maluwa pafupi ndi Scott Monument. Mukhoza kukamupatsa moni podikira basi.

Yambani ndi kuzungulira kunja

Ambiri akangodutsa polandirira alendo amathamangira pakhomo. Inu yambani mwazungulira nyumbayo kamodzi. Mukafika kumadzulo kwake mudzaona makoma awiri otambalala uku ndi uku ngati mapiko, othera m'malere, miyala yake ili yosongoka ngati ikudikira inzake. Ikudikiradi. Sir William St Clair, mwini dera lino, anakhazikitsa tchalitchichi mu 1446 n'cholinga chomanga nyumba yaikulu yooneka ngati mtanda, yotchedwa Collegiate Church of St Matthew, yoti ansembe azipemphereramo mizimu ya banja lake. Anamwalira mu 1484 atangomanga mutu wa mtandawo, mbali yokhala oimba ndi guwa. Mwana wake Oliver anafolera denga n'kulekera pomwepo. Maziko a mbali yotsalayo anawapeza pansi pa nthaka patapita zaka mazana. Ife a kwathu nkhani imeneyi tikuidziwa bwino: bambo akatsogola, nyumba imaima pamene anaisiyira, njerwa n'kumera udzu. Kachipinda kamene kamamatira kumadzuloko, kobatiziramo, n'ka posachedwa, ka m'ma 1880, ndipo mtundu wa mwala wake ukuonetseratu.

Zaka pafupifupi 40 pa kanyumba kotere n'zambiri, koma chifukwa chake chilipo. Wansembe wina, Father Richard Hay, amene analemba mbiri ya banjali cha m'ma 1700, ananena kuti Sir William ankayamba wajambulitsa chosema chilichonse pa thabwa, akalipentala n'kuchisema pa mtengo, kenako ndiye amisiri a miyala n'kutengera. Mkulu wa amisiri ankalandira mapaundi 40 pa chaka, enawo 10, ndipo mudzi wa Roslin unakula chifukwa chowamangira malo okhala.

Kwezani maso ku tinsanja tosongoka ta padenga. Pokonza nyumbayi mu 2010, amisiri ataphwasula kansanja kena anapeza m'kati muli mphako yosemedwa dala, muli zisa za njuchi. Khomo la njuchizo linali kabowo pakati pa duwa lamwala. Chodabwitsa n'chakuti panalibe pena paliponse poti munthu angapisepo dzanja kufula uchi. Munthu wina zaka 500 zapitazo anasemera njuchi mng'oma wamwala pamwamba pa tchalitchi, osayembekezera kulawako ngakhale dontho. Pa zinsinsi zonse za pamalo pano, ichi ndiye chimandikhalitsa chete.

Mukalowa, khalani pansi kaye

Pezani malo pa benchi, mukhale mphindi zisanu osachita kanthu. Maso ayenera kuzolowera kamdima, ndipo mutu uyenera kuleka kuthamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako yang'anani denga. Lonse ndi lamwala, lopindika ngati mgolo wodula pakati, ndipo lagawidwa zigawo zisanu. Zinayi zadzaza ndi maluwa a mitundu yosiyanasiyana, chachisanu ndi nyenyezi. Pakati pa nyenyezizo fufuzani dzuwa, mwezi, nkhunda ndi nkhope ya Khristu atakweza dzanja kudalitsa. Magalasi aja ntchito yake ndi imeneyi.

M'gulu lililonse mmodzi wa ogwira ntchito pamalopo amakamba mbiri ya tchalitchichi kwa kanthawi. Mvetserani, ndipo ngati Chingerezi cha Asikoti chikukuthamangirani, khalani kutsogolo. Akamaliza mufunseni kuti akulozereni chimene mukuchifuna. Amakondwa kufunsidwa.

Nsanamira ya wophunzira ntchito

Kummawa, kuseri kwa guwa, kuli nsanamira zitatu zosiyana ndi zinzake. Ya kumanzere mukayang'ana kuguwa amaitcha ya mmisiri wamkulu: yokongola, mizere yake yowongoka, ya munthu wodziwa ntchito. Ya kumanja ndiye Apprentice Pillar, imene anthu amadzera kutali. Nkhata zinayi za masamba zimaizungulira kuchokera pansi kukwera m'mwamba ngati chingwe chopota, moti mwalawo umaoneka ngati ukutembenuka. Gwadani muone patsinde pake. Pali zinjoka zisanu ndi zitatu, ndipo m'kamwa mwake ndimo mukutuluka mitengo yoyangayo. Ena amati zimenezi zikuchokera ku nthano za anthu a ku Norway za mtengo waukulu wochirikiza dziko, umene mizu yake imadyedwa ndi chinjoka. Si zosatheka, poti Sir William analinso mfumu ya zilumba za Orkney, zimene pa nthawiyo zinali pansi pa Norway.

Nthano yake imati mmisiri wamkulu atapatsidwa chithunzi cha nsanamirayi anaona kuti sangaithe asanakaone yeniyeni, ndiye anapita ku Rome. Ali konko, mnyamata wake wophunzira ntchito analota nsanamira yonse itatha, n'kudzuka n'kuisema. Bwana pobwera, m'malo monyadira, nsanje inamukwera, anatola nyundo n'kumukhoma nayo mnyamatayo pamutu, kufera pomwepo. Mukapita kumadzulo kwa tchalitchi n'kuyang'ana m'makona m'mwamba, adzakulozerani mitu yosemedwa: wina wa mnyamata wokhala ndi bala pamphumi, wina wa bwana uja amene chilango chake n'kuyang'ana nsanamirayo mpaka kalekale, ndi wina wa mayi wolira.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pansi pa bwana wansanje amaimva mumtima. Koma dziwani kuti nthano yofanana nayo imakambidwanso pa matchalitchi ena akale a ku Ulaya, ndipo zolemba zina zakale zimatcha nsanamirayi Prince's Pillar, kutanthauza ya mfumu imene inamanga. Ine ndimaimvera monga timamvera nthano za agogo pamoto: sufunsa kuti kalulu analankhuladi.

Pamwala wopingasa m'mwamba wolumikiza nsanamirayi ndi khoma pali mawu a Chilatini. Tanthauzo lake ndi lakuti vinyo ndi wamphamvu, mfumu ndi yamphamvu koposa, akazi ndi amphamvu kuposa apo, koma choonadi chimagonjetsa zonse. Achokera m'buku la 1 Esdras, limene m'Mabaibulo ambiri a kwathu mulibe, pa nkhani ya anyamata atatu otsutsana pamaso pa mfumu Dariyo. Ndikamasulira mawuwa kwa alendo, azimayi amagwedeza mutu pa chiganizo chachitatu, azibambo amadikira chachinayi.

Kuseri kwa guwa

Kachigawo ka kuseri kwa nsanamira zitatuzi kamatchedwa Lady Chapel, ndipo apa ndiye zosema zathithikana ngati msika wa Loweruka. Musafulumire. Pamwamba pa nsanamira pali angelo oimba zing'wenyeng'wenye, ng'oma ndi zitoliro, ndipo mmodzi wanyamula chitoliro cha Asikoti chija chokhala ndi thumba lachikopa. Pali mngelo wina wozondoka, mutu pansi, womangidwa zingwe: ameneyo amati ndi Lusifara atagwetsedwa kumwamba. Pa nthiti za denga pali mzere wa anthu, mfumu, bishopu, mlimi, mwana, aliyense ali ndi chigoba cha mafupa pambali pake chikumukoka. Ndi gule wa imfa, chithunzi chimene anthu a nthawi imeneyo, amene miliri inkawapululutsa, ankachidziwa bwino.

Pa nthiti zomwezo patuluka timabokosi tamwala 213, kalikonse ndi kalembedwe kake. Bambo wina ndi mwana wake, Thomas ndi Stuart Mitchell, ananena kuti timabokosito ndi nyimbo yobisika, mpaka anaipeka n'kuiimba. Akatswiri ambiri a mbiri sanakhutire nazo. Yang'anani nokha.

Kenako yambani kusaka nkhope zimene amazitcha Green Man: nkhope ya munthu, masamba akutuluka m'kamwa mwake. Zilipo zoposa 100, m'kati ndi kunja, zina zoseka, zina zolusa, zina zobisala pakati pa maluwa moti mumazindikira mochedwa kuti zakhala zikukuyang'anani. Nkhope zotere zimapezeka m'matchalitchi ambiri akale a ku Britain, koma kuchuluka kwake pano n'kwachilendo. Ngati mwabwera ndi ana, apatseni ntchito yowerenga. Mudzapeza mtendere wa theka la ola.

Zenera la chimanga

Tsatani khoma la kummwera. Pamwala wina wopingasa m'mwamba pasemedwa ntchito zisanu ndi ziwiri zachifundo, kudyetsa anjala, kuveka ausiwa, kuzonda odwala, kuika maliro ndi zina, ndipo kumapeto kwake Petulo Woyera waima ndi kiyi. Zungulirani kuseri kwa mwala womwewo: pali machimo akuluakulu asanu ndi awiri, mdyerekezi akuwakokera m'kamwa mwa chilombo. Yang'anitsitsani bwino. Umbombo uli pakati pa ntchito zabwino, ndipo kupatsa kuli pakati pa machimo. Kaya mmisiri anatembenuza mwala molakwika, kaya anachita dala, anthu akutsutsanabe.

Chapafupi pomwepo pali zenera limene m'mphepete mwake mwazungulira zomera zooneka ngati zisononkho zokhala ndi njere. Apa ndiye pamene Mmalawi ali ndi mawu. Anthu ena amati chimenechi ndi chimanga. Tsono chimanga kwawo ndi ku America, ndipo Columbus anafika kumeneko mu 1492, tchalitchichi chitamangidwa kale. Ndiye amati agogo ake a Sir William, a Henry Sinclair, anawoloka nyanja n'kukafika ku America cha m'ma 1398, n'kubwerako ndi chithunzi cha mbewuyi. Umboni wa ulendo umenewo palibe, ndipo akatswiri a zomera amati mwina ndi tirigu kapena maluwa osemedwa mokometsera.

Chaka china ndinapita ndi azakhali anga a ku Ntcheu, munthu amene walima chimanga moyo wake wonse. Ndinawafotokozera nkhani yonseyi, Columbus ndi zaka zake zomwe. Anavala magalasi, anayandikira, anayang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Kenako anati, "Iwe, chimanga chanji chopanda ndevu? Nanga phesi lake lili kuti? Ameneyu chimanga anangochimva." Mzungu wina amene anaima pafupi anandifunsa kuti mayiwa akuti chiyani, ndipo nditamuuza anaseka mpaka wogwira ntchito anatiyang'ana. Inunso kaimeni pamenepo mupereke chigamulo chanu. Pa nkhani ya chimanga, palibe pulofesa wa ku Edinburgh amene angakuphunzitseni.

Tsikirani pansi

Pambali pa nsanamira ya wophunzira ntchito pali masitepe otsetsereka opita m'chipinda chapansi. Gwirani chitsulo, miyala yake inasalala ndi mapazi. Chipindachi n'chosakongoletsedwa, ndipo ambiri amangosuzumira n'kubwerera. Inu yang'anani pakhoma. Pali mizere yokandidwa pamwala, zojambula za amisiri eni ake pamene ankayeza mapindikidwe a mazenera ndi tinsanja. Pamwamba paja mwaona ntchito yotha. Apa mukuona munthu ali pakati pa kuganiza, ngati mmisiri wa kwathu akamajambula pulani ya nyumba pansi ndi kamtengo.

Apa ndi pamenenso nthano za chuma zimathera. Pansi pa tchalitchichi pali manda otsekedwa a banja la St Clair, ndipo anthu anenapo kuti mmenemo muli chikho chimene Yesu anamwera pa mgonero womaliza, kapena Bokosi la Chipangano, kapena chuma cha asilikali achipembedzo otchedwa Knights Templar. Vuto lake n'lakuti gulu limenelo linathetsedwa ndi Papa mu 1312, zaka zoposa 130 mwala woyamba usanaikidwe. Nkhanizi zinafalikira dziko lonse ndi buku la Dan Brown la The Da Vinci Code la mu 2003, ndi filimu yake ya mu 2006 imene mbali yake yomaliza anajambulira pompano. Alendo anachuluka kuchoka pa masauzande makumi ochepa pa chaka kufika poposa 170,000. Sindinyoza, poti ndalama za matikiti amenewo zinathandiza kupulumutsa nyumbayi.

Ndipo inkafunikadi kupulumutsidwa. Chipembedzo chitasintha ku Scotland, maguwa ake anagwetsedwa mu 1592, mapemphero n'kulekeka. Mu 1650 asilikali a Oliver Cromwell, mkulu wa nkhondo wa ku England, pothira nkhondo nyumba yachifumu yapafupi yotchedwa Rosslyn Castle, anasandutsa tchalitchichi khola la akavalo. Mu 1688 gulu la anthu olusa linadzaswanso zina. Mfumukazi Victoria itadzaona mu 1842 inapempha kuti nyumbayi isamalidwe, ndipo mapemphero anayambiranso mu 1862. Koma chimene chinatsala pang'ono kuimaliza ndi chithandizo: m'ma 1950 anapaka miyala ya m'kati mankhwala osakaniza ngati simenti poganiza kuti akuiteteza, osadziwa kuti akutsekera chinyezi m'kati. Makoma anayamba kubiriwira ndi ndere. Mu 1997 anachita kumanga chidenga chachitsulo pamwamba pa tchalitchi chonse kuti chiume pang'onopang'ono, ndipo chinakhalapo mpaka 2010. Mtundu wotuwa umene mukuuona pa zosema za m'kati ndi chipsera cha mankhwala amenewo. Mwala weniweni ndi wofiirira ndi wachikasu, monga mwauonera kunja.

Nthawi ikatha, musathamangire basi

Polandirira alendo pali tiyi, supu ndi zimbudzi, komanso makanema osonyeza pafupi zosema zimene zili kutali ndi maso. Mukafunda, tulukani n'kutsata kanjira kotsika pambali pa manda. Pakangopita mphindi zochepa mufika pa mlatho wamwala wautali wolowera ku mabwinja a Rosslyn Castle, kumene banja la St Clair linkakhala. Mbali ina ya nyumbayo imabwerekedwa kwa alendo ogona, choncho musasuzumire m'mazenera. Pansi pa mlathowo pali chigwa cha Roslin Glen, nkhalango yowirira ndi mtsinje wa North Esk, ndipo njira yake ikagwa mvula imaterera ngati ya kudambo. Apa ndi pamene nsapato zija zidzakuthokozeni.

Nyumba yachikasu imene ili pafupi ndi chipata cha tchalitchi inali malo ogona alendo kuyambira m'ma 1660, ndipo mlakatuli Robert Burns anadyapo pamenepo. Komanso dzina la Roslin mwina munalimvapo m'kalasi ya sayansi: nkhosa yotchedwa Dolly, imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu, inabadwa mu 1996 ku Roslin Institute, m'dera lomweli. Ngati mwabwerera mumzinda isanakwane 5 koloko, tsikani pafupi ndi Chambers Street mulowe mu National Museum of Scotland. Kulowa n'kwaulere, ndipo Dolly ali momwemo m'bokosi lagalasi, akuzungulira pang'onopang'ono, udzu uli kumapazi.